Anayamwa kwa Achemwali Masiku Atatu

Mwana wanga wachiwiri anabadwa chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Anali wamkazi, wojintcha, wa tsitsi lambiri lofika m'makutu, ndipo bere analigwira tsiku lomwelo popanda kuvuta. Masabata awiri oyamba zonse zinali bwino. Sabata yachitatu ndi pamene anayamba kubweza mkaka.

Ankayamwa mwamphamvu, maso ali tsinzi, tizala tatsina chitenje changa. Akakhuta, ine n'kumugoneka pamphasa, pasanathe nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi mkaka wonse unali utabwerera. Unkatuluka pakamwa, nthawi zina ndi m'mphuno momwe, wina uli woyera monga unalowera, wina utaundana. Kenako ankapinda msana, mutu kumbuyo, nkhope ili psuu, n'kulira kulira kwa munthu amene wapsa ndi moto. Akalira ankafunanso bere. Ndikamupatsa, ankayamwa ngati wagona ndi njala masiku awiri, n'kubwezanso. Tsiku linkatha chomwecho.

Ndinali ndi zitenje zinayi, ndipo zonse zinkanunkha mkaka wosasa. Madzi chaka chimenecho anali ovuta. Chitsime cha pafupi chinauma, tinkakatunga kutali, pamzere, ndiye ndowa imodzi yomweyo ndinkaigawa pakati pa kumwa, kuphika ndi kuchapa. Pamapewa panga panali poyera nthawi zonse ngati ndapakapo ufa. Ntchentche zinkanditsata mpaka m'tchalitchi.

Sindikanachita mantha kwambiri chikhala kuti sindinaikepo mwana m'manda. Woyamba uja anali wamwamuna. Anamwalira ali ndi chaka ndi theka, nthawi ya dzinja pamene kolera inalowa m'midzi ya kuno kugombe. Anayamba kusanza m'mawa ndikumuyamwitsa, dzuwa likupendeka maso anali atalowa m'kati, ndipo anatisiya tili panjira, ali kumsana kwanga, chipatala tisanachione. Choncho wachiwiriyu akangoti khoo, ine ndinkamva woyamba uja. Ndinkamutsina khungu la pamimba kuti ndione ngati libwerera, kumupapasa paliwombo, kumuyang'ana m'maso. Ndinkachita zimenezi kangapo pa tsiku, ndipo khungu linkabwerera bwinobwino, koma mtima wanga sunkabwerera m'malo.

Bambo ake a mwanayu anali msodzi. Nyanja itaphwa, mabwato atatsala pamatope ong'aluka ku Kachulu, iwo anapita ndi anzawo ku nyanja ya Malombe kukafuna ganyu ya usodzi. Ananyamuka mwana ali ndi mwezi umodzi. Ndinatsala ndi amayi anga, amene nyumba yawo inali kuseri kwa yanga, poti ife amuna ndi amene amabwera kudzakhala kwa akazi.

Amayi sanali munthu wankhanza. Mdzukulu woyamba uja ndi iwo amene anamusambitsa komaliza, ndipo nawonso ankadzidzimuka mwanayu akatsamwa. Anayamba ndi mzuwula, madzi a mizu amene timamwetsa makanda. Mwana anaubweza. Kenako anayamba kukayikira mkamwini wawo, kuti mwina kumene wapitako wasempha mwana ndi akazi ena. Zimenezo anazinena masiku awiri n'kuzisiya, poti munthuyo panalibe woti n'kumufunsa. Pomaliza maso awo anafika pa ine.

Woyamba uja atamwalira, mawere anga anadzaza n'kutupa, kulimba ngati miyala. Ndinkapita kuseri kwa bafa kukafinyira mkakawo pansi, ndikulira. Amayi ankaziona zimenezo. Tsopano anandikumbutsa.

"Mkaka uja sunathe wonse," anatero. "Unatsalira m'kati, unawola. Mwanayu akukana chifukwa akuumva. Ukapitiriza umupha."

Ndinapita naye kusikelo. Anamupachika m'kathumba kolendewera pamtengo, analemba kadontho pakhadi. Kadonthoko kanali pamwamba pang'ono pa ka mwezi watha. Anamwino anandimvetsera, anamupapasa pamimba, n'kunena kuti, "Ana ena amatero, mayi. Njira yolowera m'mimba sinakhwime, ndiye mkaka umabwerera. Muzimuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo akayamwa musamamugoneke msanga. Zidzatha akadzayamba kukhala pansi. Bere musamuletse." Kumbuyo kwanga kunali mzere wautali. Ndinathokoza n'kutuluka. Mawuwo ndinawamva, koma anakhala kunja kwa khutu. Mawu a amayi anga ndi amene ndinkagona nawo n'kudzuka nawo.

Kutsidya kwa njira yopita kuchitsime kunali banja la Asilamu. Mayi wa pamenepo anali wamkulu kwa ine ndi zaka zochepa, ndipo tinkaitanana kuti achemwali. Nyanja isanaphwe ankagula matemba ku Kachulu, kuyanika, n'kukagulitsa ku Songani. Itaphwa anayamba kukazinga zitumbuwa. Amuna awo anali a geni, ankakhalitsa ku Limbe, kubwera mwa apo ndi apo. Achemwaliwa anali ndi khanda lalikazi, lotsogola kwa langa ndi miyezi itatu. Anali munthu woseka mokweza, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao, ndipo pamzere wa kuchitsime ankandisungira malo poona kuti ine ndimachedwa ndi zochapa.

Tsiku lina m'mawa amayi anabwera ndi kambale ka phala lamadzimadzi ndi supuni. Mwana anali ndi masabata asanu ndi awiri. Anakhala pakhonde panga n'kutambasula miyendo.

"Bweretsa kuno. Kuyambira lero bere ayi."

Ine ndinangoima pakhomo, mwana ali m'manja. Kukana sindinakane, kupereka sindinapereke. Nthawi yomweyo achemwali ankadutsa ndi ndowa kumutu, mwana wawo kumsana. Anaona mmene taimira, anatula ndowa, anagwada n'kupereka moni kwa amayi. Atamva nkhaniyo anayang'ana phalalo.

"Amayi, pepani ndilowerere za eni," anatero. "Inu mukuti mkaka ndi woipa. Mwina n'zoona, ine ndine mwana. Koma tiyeni tione kaye. Mwanayu ndimuyamwitse ine masiku atatu. Akasiya kusanza, ndiye kuti mwanena zoona, mumupatse phalalo."

"Nanga wakoyo adya chiyani?" anafunsa amayi.

"Wangayu ayamwa kwa achemwaliwa."

Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. "Ukupereka mwana wako ku bere limene ndikuti ndi lowola?"

"Eee. Akasanza ndidzapepesa."

Anamasula mwana wawo n'kundipatsa. Anali wolemera, wofunda, wonunkhira mafuta a zitumbuwa. Ndinanong'ona kuti, "Achemwali, bwanji ngati amayi akunena zoona?" Iwo anaseka. "Khalani pansi, inu. Mwanayo ali ndi njala."

Tinakhala pakhonde pomwepo, moyandikana, aliyense ndi mwana wa mnzake. Wawo anandiyang'ana kaye modabwa, kenako anagwira bere n'kuyamwa mosathamanga, akusewera ndi phazi lake. Atakhuta anageya kamodzi n'kugona pamiyendo panga, kukamwa kuli yasa. Ndinadikira. Amayi anadikira. Palibe chimene chinatuluka.

Wanga anayamwa kwa achemwali monga ankayamwira kwa ine, mwaphuma. Atamuchotsa, anakhala phee pang'ono, n'kubweza zonse pa bulauzi yawo yobiriwira. Achemwali anakweza manja. "Mwaona, amayi? Ngakhale wa Chisilamu akuukana!"

Amayi sanaseke, koma anatenga kambale kaja n'kukapatsa nkhuku.

Tinachitabe masiku atatu onse monga tinapanganira. Achemwali ankabwera m'mawa, masana ndi madzulo, kusiya zitumbuwa m'manja mwa amayi awo. Pakati pa maulendo awowo mwana ankayamwa kwa ine, ndipo amayi ankangoyang'ana kumbali. Tsiku lachitatu, akupukuta bulauzi, achemwali anandiuza kuti, "Kwathu mwana akayamwa bere lako kangapo chonchi, ndiye kuti ndi mwana wako. Awiriwa tsopano ndi pachibale. Uyu ndi wanga, uyo ndi wanu. Musadzandimane." Ndinalonjeza ndikuseka. Tsiku limenelo ndinadya n'kukhuta, koyamba chibadwire mwanayo.

Kubweza sikunathe, koma achemwali anandionetsa mmene ndingakhalire nako. Zimene ananena anamwino mwachangu zija, iwo anazichita ndi manja ine ndikuona. Anati ndiziyamwitsa bere limodzi lokha, ndimuchotse asanakhutitse, ndimuimike pachifuwa panga, chibwano chake chili paphewa, n'kumamusisita kumsana. Anati ndisamamubereke kumbuyo akangoyamwa, poti chitenje chimafinya mimba, koma ndizimumangirira kutsogolo moimirira. Mchemwali wawo wina wa ku chilumba cha Chisi anali ndi mwana wotere, n'kumene anazionera.

Ndiye miyezi imeneyo ndinaithera ndili chilili. Akayamwa, ndinkaimirira n'kuyamba kuyenda, poti ndikakhala pansi ankalira. Ndinkazungulira nyumba, kufika kumunda kouma, kubwerera. Masiku ena ndinkangopezeka ndafika kumene kunali gombe. Kunalibe madzi, kunali chigwa choyera chofika kumene maso amathera, mabwato atagona cham'mbali, anthu akuyenda wapansi kupita ku Chisi ngati nyerere. Mphepo ikawomba inkabwera ndi fumbi lowawa mchere, ine n'kumuphimba kumutu. Ndinkamva kamtima kake kakugunda pa kanga. Ndinkamva mkaka ukukwera m'kati mwake, iye n'kumeza, n'kukweranso. Nthawi zina unkakhala, nthawi zina unkatsikira kumsana kwanga, wofunda. Msana wanga unayamba kupweteka nthawi imeneyo ndipo mpaka lero sunasiye. Koma kadontho ka pakhadi kankakwera mwezi uliwonse, pang'onopang'ono.

Mvula inabwera, madzi anayamba kubwerera m'nyanja, bambo ake anabwerera kwathu. Mwana anayamba kukhala pansi, ndipo kubweza kunachepa monga ananenera anamwino. Pamene ankaimirira chogwira khoma, kunali kutatheratu. Ndinachapa zitenje zanga ndi sopo, kuziyanika, n'kuzinunkhiza, osamva kanthu.

Nthawi imeneyo ndi imene mwana wa achemwali anayamba kudwala. Poyamba zinali zilonda zoyera m'kamwa. Kenako kutsegula m'mimba kosatha, kenako chifuwa. Mwana wolemera uja anapepuka mpaka mikanda ya m'chiuno inkavuka yokha. Ndinkapitako tsiku lililonse. Kawiri ndinawaperekeza kuchipatala ku Zomba, pa minibasi ya ku Kachulu, iwo atanyamula wawo, ine wanga. Anamwalira asanayambe kuyenda. Patangopita miyezi yochepa, amuna awo anabwera kuchokera ku Limbe, osati ndi katundu monga kale, koma atawagwiriza anthu awiri. Anali ndi zipsera za mashingozi kuyambira pakhosi mpaka kukhutu. Anthu pachitsime anayamba kutsitsa mawu achemwali akamafika. Matendawo sitinkawatchula dzina. Tinkangoti matenda a masiku anowa.

Ine mutu wanga sunafike msanga pa masiku atatu aja. Unafika tsiku lina kusikelo. Tisanayambe kukweza ana, mlangizi wa zaumoyo ankatiphunzitsa titakhala pansi pa mtengo. Tsikulo ankanena za Edzi. Anatchula njira zimene kachilombo kamadutsira, akuwerenga ndi zala. Atafika pa chala chachitatu anati, "Komanso mayi angathe kupatsira mwana, ali m'mimba, pobadwa, ngakhale poyamwitsa." Anapitiriza kunena zina, amayi anzanga anayamba kuimba nyimbo ya sikelo ndi kuwomba m'manja. Mwana wanga anali pamiyendo panga, akudya chingwe cha khadi lake. M'maganizo ndinaona bulauzi yobiriwira ija. Ndinayamba kuwerenga: m'mawa, masana, madzulo, masiku atatu. Kasanu n'kanayi. Kenako ndinayamba kudzitonthoza kuti zambiri anabweza. Ndinayesa kukumbukira kuti ulendo uliwonse anabweza wochuluka bwanji, ndipo unatsala m'mimba unali wochuluka bwanji. Kubweza kumene ndinkadana nako kuja tsopano ndinkakupempherera, kuti kukhale kuti kunatulutsa zonse.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akupeta mpunga. Ndinawauza zimene ananena mlangizi. Lichero linaima m'manja mwawo. Sanandiyang'ane.

"Bambo ake akudziwa za masiku aja?"

"Ayi."

"Asadziwe."

Anapitiriza kupeta, koma mpunga wambiri unkagwera pansi pamodzi ndi mankhusu. Sitinakambenso nkhaniyi, ine ndi amayi, mpaka iwo anamwalira.

Zoyezetsa magazi tinkangozimva kuti zimachitika m'tauni. Ndikanati ndipite, ndikanayamba ndi kufotokozera bambo ake chifukwa chake. Ndipo tikanapezeka nako, mankhwala kunalibe. Choncho ndinayamba kumuyeza ndekha. M'mawa uliwonse ndinkamutsegula kukamwa ndi chala, kuyang'ana lilime padzuwa. Ndinkamupapasa m'khosi ndi m'khwapa kufuna zotupa. Akatsokomola, ndinkasiya khasu. Akatsegula m'mimba chifukwa cha mano, ndinkakhala osadya. Bambo ake ankati, "Kodi mwanayu mukumufuna chiyani? Mwana ali bwinobwino uyu." Ine n'kuyankha kuti ndikuchotsa nyerere.

Ndipo ndinasiya kupita kwa achemwali. Sindinachite kuganiza kuti ndisiye. Tsiku lina ndinangodzera njira ya kumunda popita kuchitsime, mawa lakenso chimodzimodzi, mpaka njira imeneyo inakhala yanga. Pamaliro a amuna awo ndinapita, koma mwana ndinamusiya kwa amayi, ndipo ndinakhala kumapeto kwa mphasa. Ndinkadziwa bwino kuti matendawa sadutsa pogwirana chanza, mlangizi anali atanena. Sikunali kuopa kutenga. Ndinali ndi mkwiyo umene ndinalibe pouika. Ndikawaona, ndinkaona bere lawo lili m'kamwa mwa mwana wanga. Kenako ndinkakumbukira mmene anamasulira mwana wawo n'kumuika m'manja mwanga, ine n'kuchita manyazi. Manyaziwo anandithawitsa kuposa mkwiyo.

Achemwali anayamba kudwala chaka chotsatira, mpunga ukucha. Ndinkawaona patali atakhala pakhonde, atafunda chitenje dzuwa likuswa mtengo. Zitumbuwa anasiya. Tsiku lina amayi awo, mayi wokalamba wosamva bwino Chinyanja, anabwera kwathu. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Mnzanu akuti mubwere ndi mwana, amuone." Ndinati mwana ali ndi chimfine, akachira tibwera. Mwanayo anali pomwepo, akuthamangitsa anapiye. Mayiwo anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutsanzika.

Patapita masabata awiri anabweranso. Ulendo uno ndinapita, ndekha. Ndinatenga mpunga watsopano m'kambale.

Achemwali ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pamphasa, pamthunzi. Ndikanakumana nawo panjira sindikanawazindikira. Mano okha ndi amene anali omwe aja. Anayesa kudzuka, ndinawaletsa. Maso awo anapita kumsana kwanga, kumene kunalibe kanthu.

"Mwana wanga mwamusiya kuti?"

"Wagona."

"Wakula?"

"Wakula. Akuthamanga."

"Kusanza kuja sikunabwerere?"

"Anasiya kalekale."

"Akunenepa?"

"Akunenepa."

Anatseka maso n'kunena mawu ena a m'chipembedzo chawo. Ndinaganiza kuti agona. Kenako analankhula osatsegula maso.

"Achemwali, ine sindinkadziwa. Mulungu ndi mboni. Ndikanadziwa, sindikanamugwira n'komwe."

Yankho linali pakamwa panga. Linali lalifupi: ndikudziwa, achemwali, munandithandiza. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndikupatseni madzi?"

Anapukusa mutu. "Ndimawerenga," anatero. "Ndikagona pano ndimawerenga kuti anayamwa kangati. Inunso mumawerenga, eti?"

Ndinawasendezera kambale ka mpunga kaja.

"Mubwere naye Lachisanu, anthu akapita kumzikiti. Musafike naye pano. Mudzaime pa mtengo wa mango apo. Sindimugwira. Ndikufuna ndimuone akuyenda, basi. Wanga uja sindinamuone akuyenda."

"Tibwera," ndinatero.

Lachisanu ndinamusambitsa, ndinamuveka kadiresi kake ka kutchalitchi. Ndinatuluka naye mpaka pamphambano. Kumanja kunali kwa achemwali, ndipo mtengo wa mango uja unkaoneka. Ndinaima pamenepo, mwana akukoka dzanja langa. Sindingathe kunena bwinobwino chimene ndinkaopa. Mwina ndinkaopa kuti akamuona aona chinthu chimene ine sindinachione, poti iwo ankazidziwa zizindikiro. Mwina ndinkaona ngati kumuonetsa kwa iwo n'kuvomera kuti ndi wawodi, kuti ali m'gulu la nyumba imene anthu ake ankatha mmodzimmodzi. Ndinamunyamula n'kukhotera kumanzere, kumunda wa mpunga. Ndinakhala kumeneko tsiku lonse ndikupirikitsa mbalame, mwana ali m'diresi la kutchalitchi m'matope. Ndinadziuza kuti ndipita Lachisanu linalo.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa. Ine ndinali kuchigayo. Pobwera, thumba lili kumutu, ndinakumana ndi amuna atanyamula jeneza, chonyamulira maliro, akuyenda mofulumira monga amachitira Asilamu, akulandizana mapewa. Ndinapatuka n'kugwada m'mbali mwa njira osadziwa kuti ndi ndani. Mnzanga wina amene anagwada pafupi nane ndi amene anandiuza.

Ndinatula ufa n'kupita kusiwa. Akazi sapita kumanda kwawoko, ndiye tinakhala m'nyumba ndi pakhonde. Amayi awo atandiona anasendeza kuti ndikhale pafupi nawo. Sanandikalipire. Anandigwira dzanja n'kunena m'Chinyanja chawo chodukaduka kuti Lachisanu lija mwana wawo anapempha kuti amusambitse, amumange duku latsopano, amutulutse kutsogolo kwa nyumba. Anakhala pamenepo atatsamira khoma kuyambira m'mawa mpaka mthunzi unachoka n'kubweranso. Atamuuza kuti alowe, anati, "Mwina mwana wadwala. Mukafunse ngati mwana wadwala."

"Ndinabwera kwanu, sindinakupezeni," anatero mayiwo. "Ndinamuuza kuti mwana ali bwino, ndamuona. Anasangalala."

Mvula isanagwe, mayi wokalambayo anatengedwa ndi abale ake a kutsidya kwa nyanja. Nyumba ija inagwa patapita zaka ziwiri, ndipo pamalopo anthu ena analimapo chimanga.

Mwana wanga sanadwale matendawo. Anadwala malungo ndi chikuku monga ana onse, n'kuchira. Ndinapitiriza kumuyang'ana m'kamwa mpaka atayamba sukulu, pamene iye mwini anayamba kukana. Atafika sitandade faifi ndinadziwa mumtima kuti anapulumuka, koma kudziwa kwa mumtima sikuchotsa zonse. Akachedwa kudzuka, ndinkaima pakhomo kumvetsera kupuma kwake. Ndinabereka ana ena atatu pambuyo pake, onse oyamwa bwino, ndipo palibe amene ndinamupereka m'manja mwa mayi wina ngakhale kuti andigwirireko ndikamange mtolo.

Anakula, anakwatiwa ku Songani. Ali ndi pakati poyamba, anabwera kudzandiona akuchokera kusikelo. Nthawi imeneyo kuyeza magazi kunali kutafika paliponse. Akuvula nsapato pakhonde ananena mongodutsa kuti, "Atiyeza magazi lero, ali bwinobwino." Anapitiriza kukamba za mtengo wa minibasi. Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Amayi, n'chiyani?"

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa phala lija mpaka pamphambano. Aka kanali koyamba kuzinena ndi pakamwa. Anamvetsera atagwira mimba yake, osandidula. Nditamaliza anafunsa kuti, "Anali wooneka bwanji?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, n'kupeza kuti nkhope imene ikubwera ndi ya pamphasa ija, yowonda. Ya kuchitsime, yoseka ija, inakana kubwera. Chithunzi panalibe. Ndinangoti anali wamtali kuposa ine.

"Manda awo ali kuti?"

Sindinkadziwa. Zaka zonsezo ndinkadutsa pafupi ndi manda a Asilamu popita kumsika, koma sindinafunsepo.

M'mawa mwake tinapita kwa bambo wina wachikulire amene ankasesa pamzikiti. Banjalo analikumbukira movutikira. Anatitsogolera mpaka m'mphepete mwa manda, ife tinaima kunja, iwo analowa. Anayenda uku ndi uku m'maudzu, akukankha zitsamba ndi ndodo. Mitumbira yambiri inali itafafanizika, yopanda chizindikiro. Zaka zimenezo, anatero, ankaika anthu motsatizana kwambiri. Pomaliza anaima chapakati, anazungulitsa ndodo yawo mozungulira malo okula ngati bwalo la nyumba, n'kukweza mawu kuti timve.

"Ndi cha pano. Penipeni sindinganame."

Mwana wanga anayang'ana pamenepo kwa nthawi. Kenako anamasula chitenje chake chapamwamba n'kufunda kumutu, poona kuti pamalopo m'poyenera kutero. Ine ndinachita chimodzimodzi. Tinaima mpaka dzuwa linayamba kumutentha, ndipo anati miyendo yatopa. Tinathokoza bambowo n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono, iye patsogolo.